Mafunso ndi mayankho pa mpikisano wa dziko lonse wa snowboard

Ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pasukulu ina ya sekondale kuno ku Kasungu. Loweruka lina chakumapeto kwa Malichi 2025 ndinapita kumudzi kukathandiza alongo anga kusoka fodya. Titapuma masana ndinatsamira mzati wa chigafa n'kutsegula foni kuti ndione zidutswa za mpikisano wa dziko lonse wa snowboard womwe unkachitika ku Switzerland. Mwana wa alongo angawo, mtsikana wa Fomu 2, anasendera pafupi manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Munthu wa m'kanemayo anauluka m'mwamba, n'kutembenuka kangapo, n'kutera bwinobwino, kenako anavula magalasi akumaso. Mtsikanayo anandigwira mkono: "Atsibweni, kodi ameneyu ndi mkazi?"

Kuchokera tsiku limenelo mafunso sanathe, kumudzi ngakhalenso kusukulu. Ndasonkhanitsa amene amabwera kawirikawiri.

Kodi snowboard n'chiyani?

Ndi thabwa limodzi lopyapyala, lopindikira m'mwamba pang'ono kunsonga zonse, lomwe munthu amaimapo n'kumatsetsereka paphiri lokutidwa ndi chipale chofewa. Mapazi onse awiri amamangiriridwa pathabwapo, ndipo munthu amaima cham'mbali, phewa limodzi n'kumatsogola. Sagwira ndodo iliyonse. Pofuna kukhota amapendekera kuzala kapena kuzidendene, ndiye mphepete mwa thabwa, momwe muli chitsulo chakuthwa, mumaluma chipalecho.

Amene munakwerapo kumbuyo kwa lole ya fodya pamsewu wafumbi wa makololo mukudziwa kale theka la nkhaniyi. Ukaumitsa miyendo umagwa. Ukapinda maondo pang'ono n'kulola thupi kutsatira galimoto, umakhazikika.

Wotsogoza phazi lamanzere amamutcha regular, wotsogoza lamanja goofy. Palibe woposa mnzake, zili ngati kulemba ndi dzanja lamanja kapena lamanzere.

Chipale chofewa ndi matalala si chinthu chimodzi?

Ayi. Matalala tonse timawadziwa, ndipo mlimi wa fodya amawaopa chifukwa amaboola masamba m'kanthawi kochepa. Ndi timiyala ta madzi oundana tomwe timagwa ndi mvula ya mabingu, ngakhale tsiku lotentha. Chisanu chomwe chimayeretsa udzu m'mawa ku Nyika mu Juni ndi Julayi n'chinanso, chimaundana pansi pomwepo, sichigwa kumwamba.

Chipale chofewa, ena amangoti sinowo, chimapangika nthunzi ya madzi ikaundana m'mitambo n'kukhala timibulu topepuka ta nsonga 6. Chimagwa mwakachetechete ngati ufa wosefa, n'kuunjikana pansi osasungunuka ngati kunja kukuzizira pafupi ndi madigiri 0 kapena kutsikirapo. Koma musaganize kuti opikisana amagwera pofewa ngati thonje. Njira za mpikisano amazitsendera ndi makina mpaka kulimba, malo ena zimachita kukhala ayezi weniweni. Chikachepa, amapanga ndi makina opopera madzi ndi mpweya kunja kukazizira. Pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2022 pafupifupi chipale chonse chomwe anapikisanirapo chinali chopanga chotero.

Anayambitsa ndani?

Chiyambi chake n'chapakhomo. Mu 1965 bambo wina wa ku Muskegon, m'chigawo cha Michigan ku America, dzina lake Sherman Poppen, analumikiza timatabwa tiwiri totsetserekera kuti ana ake aakazi azisewerera. Chidolecho chinatchedwa Snurfer ndipo chinayenda malonda kwambiri. Patapita zaka, anthu ngati Tom Sims ndi Jake Burton Carpenter, yemwe anayamba kupanga matabwa ake ku Vermont mu 1977, anakonza thabwalo kuti likhale ndi zomangira mapazi. Poyamba eni malo ambiri otsetserekera ankawathamangitsa anyamata a matabwawa, ati ndi osokoneza.

Ine chimandikhudza n'chakuti thabwa loyambalo analipangira ana aakazi.

Nanga mpikisano wa dziko lonse amayendetsa ndani, ndipo umachitikira kuti?

Amayendetsa ndi FIS, bungwe loyang'anira masewera otsetsereka pachipale padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 1924 ku Chamonix m'dziko la France ndipo likulu lake lili ku Switzerland. Mpikisano woyamba wa snowboard wa bungweli unachitika mu 1996 ku Lienz, ku Austria. Wachiwiri unatsatira mu 1997 ku Italy, ndipo kuyambira pamenepo umachitika pakatha zaka 2 zilizonse, m'zaka zothera ndi nambala yosagawika pawiri.

Wayenda m'maiko ambiri: Whistler ku Canada mu 2005, Arosa ku Switzerland mu 2007, Gangwon ku South Korea mu 2009, La Molina ku Spain mu 2011. Kuyambira 2015, pomwe unachitikira ku Kreischberg ku Austria, anauphatikiza ndi mpikisano wa freestyle skiing, masewera oonetsa luso potsetsereka pa timatabwa tiwiri, kamodzi kuphazi lililonse, moti masiku ano a thabwa limodzi ndi a timatabwa tiwiri amasonkhana malo amodzi. Mu 2017 unali ku Sierra Nevada ku Spain, mu 2019 ku Utah ku America. Wa 2021 unayenera kukachitikira ku China koma mliri wa korona unasokoneza, ndiye anaugawa m'maiko angapo, kuphatikizapo Sweden, Slovenia ndi America. Mu 2023 unapita ku Bakuriani ku Georgia, ndipo wa 2025, womwe tinkaonera pansi pa chigafa uja, unali kudera la Engadin ku Switzerland. Malo amene anasankhidwa kuchititsa wa 2027 ndi Montafon ku Austria.

Ndi womwewo ndi Olimpiki?

Ayi, pali zinthu 3 zomwe anthu amasokoneza. World Cup ili ngati ligi: amapikisana kambirimbiri m'maiko osiyanasiyana nyengo yonse yozizira, n'kumaunjika mapointi, ndipo wotsogola pamapeto amalandira chikho chagalasi chooneka ngati mpira. Mpikisano wa dziko lonse ndi wa masiku ochepa, wopambana amalandira mendulo ya golide n'kukhala katswiri wa dziko lonse mpaka wina udzachitike. Olimpiki ya nyengo yozizira imabwera pakatha zaka 4.

Snowboard inalowa mu Olimpiki mu 1998 ku Nagano, ku Japan, ndipo sizinayende opanda mkangano. Ambiri osewera sanakondwe kuti udindo unaperekedwa kwa FIS, bungwe lomwe ankaliona ngati la anthu a timatabwa tiwiri. Terje Håkonsen wa ku Norway, yemwe ambiri ankamuona ngati woposa onse pa nthawiyo, anakana kupita.

Amapikisana m'njira zingati?

Zilipo zamagulu awiri: za liwiro ndi za luso.

Pa za liwiro pali parallel slalom ndi parallel giant slalom. Anthu awiri amanyamuka limodzi, wina njira ya timbendera tofiira wina ya tobiriwira ngati mtambo, n'kumakhotakhota mozungulira timbenderato mpaka kumunsi. Amayamba ndi kuthamanga ndi wotchi, kenako 16 othamanga kwambiri amachotsana awiriawiri ngati chikho cha mpira. Mu giant slalom timbendera timatalikirana, choncho liwiro limakula. Nsapato zawo ndi zolimba, thabwa lalitali ndi lopapatiza, ndipo pokhota amapendekeka mpaka dzanja kukhudza pansi.

Kenako pali snowboard cross, yomwe ophunzira anga amaikonda kuposa zonse chifukwa siifuna kufotokozera. Anthu 4, mipikisano ina 6, amanyamuka nthawi imodzi panjira imodzi yokhala ndi makona otsamira, zitunda zotsatizana ngati mizere ya m'munda, ndi malo odumpha. Oyamba kufika ndiwo amapitirira. Kukhudzana mwangozi kumachitika, koma wokankha kapena kukoka mnzake mwadala amamuchotsa. Wakumbuyo amabisala kumsana kwa wotsogola kuti mphepo isamubweze, monga achitira akabaza akamatsatana kukuwomba mwera, n'kudzatulukira pakona yomaliza.

Pa za luso, wotchi ilibe ntchito, pamakhala oweruza opereka malikisi mpaka 100. Halfpipe ndi ngalande yaikulu yosemedwa m'chipale, yooneka ngati mgolo woduliramo pakati m'litali. Makoma ake amatalika mamita 6.7, kuyerekeza anthu 4 atakwerana pamapewa, ndipo ngalandeyo ndi yaitali kuposa bwalo la mpira. Munthu amachoka khoma ili kupita linalo, n'kumaulukira pamwamba pa khomalo mamita angapo, kutembenuka, n'kuteranso mkati. Oweruza amaona kutalika kwa pomwe wafika, kuvuta kwa zomwe wachita, ukhondo wake, ndi ngati akusinthasintha kapena akungobwereza chimodzimodzi.

Slopestyle ndi njira yokhala ndi zitsulo zotsetserekapo kumtunda ndi malo odumpha akuluakulu kumunsi, ndipo aliyense amadzisankhira zochita. Big air ndi kudumpha kumodzi kokha koma kwakukulu. Mufainolo amadumpha katatu, n'kuwerengera kawiri komwe wachita bwino, bola kukhale kosiyana.

Olengeza amatchula manambala ngati 1080 ndi 1440. Amatanthauza chiyani?

Funso ili limandisangalatsa chifukwa yankho lake lili m'buku la masamu. Kuzungulira kamodzi ndi madigiri 360. Choncho 720 ndi kawiri, 1080 katatu, 1440 kanayi, 1800 kasanu. Mukamva cork, ndiye kuti pozungulirapo munthuyo akupendekekanso mutu n'kuloza pansi; triple cork ndi kutero katatu asanatere. Ayumu Hirano wa ku Japan anachita triple cork mu halfpipe pomwe ankapata golide ku Beijing mu 2022. Grab ndi kugwira thabwa ndi dzanja uli m'malere, ndipo popanda kugwirako malikisi amatsika ngakhale utazungulira kangati.

Mawu ena ndi switch, kutanthauza kutsogoza phazi lomwe sunazolowere. Yesani kulemba dzina lanu ndi dzanja linalo, mumvetsa chifukwa chake oweruza amapereka malikisi ambiri.

Kodi akazi amapikisanadi pa zonsezi, kapena amawapatsa zofewerapo?

Ili ndilo funso la mwana wa alongo anga lija, ndipo ndilo linandichititsa kulemba tsambali. Amuna amapikisana okha, akazinso okha, koma mitundu ya mipikisano ndi yofanana, mendulo ndi zofanana, ndipo ngalande ya halfpipe ndi yomweyo, makoma ake omwewo a mamita 6.7. Sizinayambe choncho pa chilichonse. Big air ya amuna inalowa mumpikisano wa dziko lonse mu 2003, koma akazi anadikira mpaka 2015.

Maina alipo oti mwana wamkazi awadziwe. Chloe Kim wa ku America anapata golide wa Olimpiki mu halfpipe mu 2018 ali ndi zaka 17, n'kubwerezanso mu 2022, ndipo anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2019, 2021 ndi 2025. Anna Gasser wa ku Austria anayamba ndi masewera opinda thupi asanakwere thabwa, ndipo anapata golide wa big air mu 2018 ndi 2022. Zoi Sadowski-Synnott anapatsa dziko la New Zealand golide wake woyamba wa Olimpiki ya nyengo yozizira mu 2022. Mia Brookes wa ku Britain anakhala katswiri wa dziko lonse wa slopestyle ku Bakuriani mu 2023 ali ndi zaka 16 zokha, msinkhu wa ana amene ndimawaphunzitsa. Ester Ledecká wa ku Czech Republic anachita zomwe zinadabwitsa ngakhale olengeza: pa Olimpiki imodzi, mu 2018, anapata golide pa timatabwa tiwiri mu mpikisano wa liwiro wotchedwa super-G, patangopita masiku n'kupatanso golide pa thabwa limodzi mu parallel giant slalom.

Palinso mpikisano womwe mwamuna ndi mkazi amapanga timu imodzi mu snowboard cross. Amuna amayamba, ndipo akafika kumunsi, zitseko za akazi kumtunda zimatseguka motsatira m'mene amunawo anasiyanirana. Woyamba kudutsa mzere womaliza pakati pa akaziwo ndiye wapambanitsa timu yake. Ndiko kuti mendulo imathera m'miyendo ya mkazi.

Ndikunena izi motsindika chifukwa cha zomwe ndimaona chaka ndi chaka. Atsikana amabwera ku Fomu 1 akuthamanga kuposa anyamata ena, koma pofika Fomu 3 ambiri amakhala atasiya. Wina amauzidwa kunyumba kuti wakula, asamadumphedumphe pagulu. Wina belu likangolira amathamangira kukatunga madzi ndi kuphika, pomwe mlongo wake ali kubwalo mpaka mdima. Sindinyoza makolo, ntchito zapakhomo n'zoona ndipo n'zambiri. Koma mwana amene amasenza ndowa yodzadza pamutu kuchokera kumjigo, kudutsa m'mizere, madzi osatayika, ali kale ndi kukhazikika kwa thupi komwe ena amakuphunzira zaka.

Pali nkhani imodzi yomwe mumakonda kuwauza ana?

Ya Lindsey Jacobellis wa ku America. Mu 2006 ku Turin, pomwe snowboard cross inkalowa koyamba mu Olimpiki, iye anali ndi zaka 20 ndipo mufainolo anali atawasiya anzake kutali. Atatsala pang'ono kumaliza, podumpha, anagwira thabwa mokometsera, chinthu chomwe mumpikisano wa liwiro sichiwonjezera kalikonse. Anagwa. Tanja Frieden wa ku Switzerland anamudutsa, iye n'kutenga siliva.

Kwa zaka zambiri anthu ankangomukumbukira ndi kugwako, chikhalirecho ankapambana kwina konse. Anakhala katswiri wa dziko lonse payekha ka 5: mu 2005, 2007, 2011, 2015 ndi 2017. Koma ku Olimpiki zinkamukanika. Mu 2010 ndi 2014 sanafike mufainolo, mu 2018 anathera pa nambala 4. Mu 2022 ku Beijing, patapita zaka 16, ali ndi zaka 36, anapata golide. Patangotha masiku ochepa anapatanso wina wa timu pamodzi ndi Nick Baumgartner, yemwe anali ndi zaka 40.

Ndikafika apa m'kalasi mumakhala zii, makamaka pakati pa amene akubwereza mayeso.

Sakuvulala anthu amenewa?

Amavulala, ndipo sindibisa. Ophunzira kumene amathyoka kwambiri pamfundo ya dzanja chifukwa pogwa amatsogoza zikhato. Akatswiri amavulala maondo, mapewa, msana ndi mutu. Kevin Pearce wa ku America, yemwe ankayembekezeka kukalimbirana golide mu 2010, anamenyetsa mutu akuyeserera mu halfpipe ku Park City pa 31 Disembala 2009. Anavulala ubongo, anakhala nthawi yaitali m'chipatala, ndipo sanabwererenso kumpikisano.

N'chifukwa chake chipewa cholimba n'chokakamiza, ambiri amavalanso chotchinga msana. Zatsopano samayamba kuziyesera pachipale. Amayamba pa nsalu yodumphirapo ya masipuling'i, kenako amadumphira pa chithumba chachikulu cha mpweya, kufikira thupi litazolowera. Mphepo ikakula mpikisano amauimitsa. Ana anga ndimawauza kuti masekondi ochepa omwe akuona pafoni ali ndi zaka zambiri kumbuyo kwake, asakayesere kutembenuka kuchokera pamtengo wa mango.

Anthu aulumali amasewera nawo?

Inde, ali ndi mipikisano yawo. Snowboard inalowa mu Paralimpiki mu 2014 ku Sochi. Bibian Mentel wa ku Netherlands, yemwe anadulidwa mwendo chifukwa cha khansa, anali mmodzi mwa omwe anamenyera nkhondo kuti ilowe. Anapata golide chaka chimenecho, n'kudzapatanso awiri mu 2018. Anamwalira mu 2021.

Ku Africa kuno kuli komwe amasewera? Nanga Mmalawi angapikisane nawo?

Malo alipo koma ndi ochepa. Oyandikira kwa ife ndi Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, pamtunda wopitirira mamita 3,000, komwe amatsegula miyezi ya Juni mpaka Ogasiti ndipo amadalira kwambiri makina opangira chipale. Ku Morocco kuli Oukaïmeden m'mapiri a Atlas. Kwathu kuno nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002, pafupifupi chimodzimodzi ndi ku Lesotho, koma tili pafupi kwambiri ndi pakati pa dziko pomwe dzuwa limaomba mwamphamvu chaka chonse, choncho kutalika kokha sikukwanira.

Dziko la Malawi linayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, koma ku ya nyengo yozizira silinatumizeko munthu. Kuti wina akafike kumpikisano wa dziko lonse, dziko lake liyenera kukhala ndi bungwe lovomerezeka ndi FIS, ndipo iye ayenera kusonkhanitsa mapointi m'mipikisano ing'onoing'ono. Izi zimafuna kukhala miyezi yambiri kumaiko ozizira, ndi ndalama zochuluka za maulendo, zipangizo ndi aphunzitsi. Sindinganamize mwana wa ku Chamama kapena ku Santhe kuti njirayi ndi yapafupi. Ngati Mmalawi adzapikisane, mwina adzakhala mwana wa abale athu amene akukulira kumaiko a chisanu.

Komabe kutentha kwa dziko sikutseka chitseko kotheratu. Australia ndi dziko lodziwika ndi dzuwa ndi zipululu, ngakhale lili ndi mapiri ochepa a chipale, koma Scotty James wakumeneko wakhala katswiri wa dziko lonse wa halfpipe mu 2015, 2017, 2019 ndi 2025.

Tingaonere bwanji kuno ku Kasungu?

Mpikisanowu umachitika pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi yomwe ife tili kalikiliki ndi kupalira, kubandira ndi kuthyola fodya. Ukamachitikira ku Switzerland, Austria kapena Italy nthawi siivuta: m'nyengo yawo yozizira ife timakhala patsogolo ndi ola limodzi lokha, ndiye akati 1 koloko masana kwawo, kuno ndi 2 koloko. Ukakhala ku America ndiye mpaka usiku.

Kuonera mpikisano wonse pafoni kumadya bando. Ine ndimafufuza zidutswa zifupizifupi zomwe FIS imaika pa YouTube, n'kutsitsa ndikakhala patauni pomwe netiweki ili bwino, kuti kumudzi tikaonere mobwereza. Yambani ndi snowboard cross. Mukazolowera, pitani ku halfpipe ndipo muziwerenga nokha kuti munthuyo wazungulira kangati musanamve olengeza.

Ndiye mwana wopanda chipale achite nazo chiyani?

Kusukulu kwathu tinatenga thabwa la mlombwa lotsala kwa kalipentala, lotalika ngati mkono ndi theka, n'kuliika pamwamba pa chidutswa cha paipi yokhuthala. Mwana amaima cham'mbali, phazi uku phazi uku, maondo opinda, n'kuyesa kuti nsonga zonse za thabwa zisagunde pansi. Timachitira pa kapinga, wina atamugwira dzanja poyamba, anzake akuwerenga mokweza. Osewera netibolo ndi mpira wamiyendo ndiwo apindula nalo kwambiri, chifukwa limalimbitsa akakolo ndi maondo.

Pa tchuthi ndinalitengera kumudzi. Anyamata anayamba ndi iwo, ambiri n'kutsika asanafike 10. Mwana wa alongo anga uja anamanga chitenje m'chiuno, anavula patapata, n'kukwera osalola kuti ndimugwire dzanja. Anafika 47. Amayi ake anali pamtondo, ndipo anasiya munsi n'kubwera kudzawerenga nawo.